Mng'oma wa Ababa

Mukatsika pa Nsanama n'kufunsa kuti kwa Lukiya n'kuti, anthu adzangoyang'anana, chifukwa a Lukiya kumeneko ndi ambiri ngati matemba pamsika. Koma tanenani kuti Abiti Akimu wa njuchi. Wakabaza woyamba kumva adzakuuzani kuti kwerani, adzapalasa nanu njira yolowera mwa Kawinga, ndipo adzakutsitsani mudzi ukuonekera chapatali. Musamuimbe mlandu. Nayenso ali ndi ana ofunika kuwalera, ndipo mbiri ya njuchi za mayiyo anaimva kale.

Abiti Akimu ndi mayi wamfupi, wojintcha, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Akamaseka amagwira m'chiuno, ndipo amaseka kawirikawiri. Amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa monga aliyense, koma mtima wake uli kuseri kwa munda, kumene ming'oma yake ya matabwa imalendewera pa mawaya m'mitengo ya mango ndi mombo, chakufupi ndi dambo. Amuna ake, Che Sadiki, ndi msodzi wa ku Chiuta. Bambowa anawolokapo nyanja mwera ukuwomba, anaopsezapo ng'ona ndi nkhafi, koma kanjuchi kamodzi kakangolira pafupi ndi khutu lawo amaiwala kuti ndi munthu wamkulu.

Ntchito ya njuchi Lukiya anaiphunzira kwa bambo ake, Che Akimu. Ndati bambo ake, ndipo sindibweza mawu, ngakhale akuluakulu a m'mudzimo amadziwa kuti womubereka anali wina, amene anapita ku Joni mwana ali m'mimba n'kutchona komweko. Che Akimu anadzakwatira mayi a Lukiya mwanayo ali kumsana. Atayamba kuyenda, anthu ena ankafuna kumutchula ndi dzina la wotchona uja, koma Che Akimu anakana kwamtuwagalu. "Uyu ndi Abiti Akimu," anatero, kutanthauza mwana wamkazi wa Akimu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pambuyo pake kunabadwa mwana wamwamuna, Abdulrahim, amene aliyense ankayembekeza kuti ndiye adzatenge ntchito ya bambo ake. Njuchi itamuluma kamodzi pachikope, Abdulrahim anasankha kukhala telala. Amene ankalondola Che Akimu kutchire, atasenza chingwe ndi chidebe, anali Lukiya.

Masiku amenewo ming'oma inali ya makungwa, yopachikidwa pamwamba penipeni pa mitengo. Che Akimu anali ndi kachitidwe kawokawo. Asanatsegule mng'oma ankaugogoda kamodzi ndi chala, n'kugunditsa khutu. "Mng'oma umalankhula, mwanangu," ankatero. "Ukati vuu n'kukhala chete msanga, m'nyumbamo muli mayi, ana akhuta. Ukalira motalika, osafuna kutonthola, dziwa kuti make wafa." Make ameneyu ndi njuchi yaikulu ija yoikira mazira, imene ena amaitchula kuti mfumukazi.

Zaka zinapita. Mayi a Lukiya anamwalira, maso a Che Akimu anayamba kuchita chidima mpaka anazimiratu, ndipo Abdulrahim anabwera kudzawatenga kuti akakhale naye ku Balaka, kufupi ndi chipatala. Ming'oma ya makungwa inali itawola, njuchi zitabalalika, kupatula za mng'oma umodzi. Zimenezo Lukiya anazisamutsira mu mng'oma wa matabwa, mkuluyo atakhala pachitsa akumuuza chochita ngati akuona. Tsiku lonyamuka anamugwira dzanja. "Izi ndinazikola chaka chimene ndinakwatira amako, ndipo sizinathawepo. Uzisunge." Kaya zinalidi zomwezo zaka zonsezo, kaya mkuluyo ankakometsera, palibe anafunsa. Kuyambira pamenepo unkatchedwa mng'oma wa Ababa. Uchi wa ming'oma ina unkapita kumsika, koma wa umenewu sunagulitsidwepo ngakhale supuni imodzi. Lukiya ankauthira m'botolo, n'kulikulunga chitenje, n'kupatsira aliyense wopita ku Balaka.

Lachisanu lililonse anthu akatuluka mumzikiti, Abdulrahim ankaimba foni n'kuipereka kwa bambo ake. Moni ankakhala wachidule. Husna, mwana wa Lukiya, ali bwanji? Che Sadiki akupha nsomba? Kenaka linkabwera funso lenileni: "Nanga anzanga aja?"

Ming'oma ya Lukiya inapita ichuluka. Umodzi unalowa njuchi zimene zinabwera zokha kuchokera chakum'mawa, ndipo Che Sadiki ankati zinadutsa malire pa Nayuchi popanda chiphaso. Zinali zolusa, zakhama, zaphokoso, moti Lukiya anautcha mng'omawo Sitima, pokumbukira zija za malasha zimene zimagwedeza nthaka popita ku Mozambiki.

Chaka chimene ndikunenachi chisanu chinabwera ndi ukali. Juni yense ndi Julayi mwera unkawomba osapuma, m'mawa dambo litakutidwa ndi nkhungu mpaka dzuwa kukwera. Nyengo yotere mlimi wa njuchi satsegula ming'oma, amangoiyang'ana chapatali. Ogasiti atafika, kunja kutayamba kufunda, mango atachita maluwa, Lukiya anavala ovolosi yakale ya amuna ake ndi chipewa cha mlaza chosokerera neti, n'kuyatsa zitsononkho m'chitini cha utsi. Ntchito imeneyi amaikonda kuposa kukolola kumene. Amati kukolola n'kukatenga, koma uku n'kukazonda abale.

Ankayamba ndi kunyamula mng'oma chakumbuyo kuti amve kulemera kwake. Ukalemera ndiye kuti chakudya chatsalamo. Kenaka kugogoda, khutu, utsi pang'ono pakhomo, n'kuyamba kutukula timatabwa ta pamwamba, pamene pamalendewera malesa, zisa zija za phula. Ankachotsa akangaude, kudula malesa akuda amene mbozi zinayamba kuboola, kupaka girisi pa mawaya kuti linthumbu lisakwere. Mumng'oma wina anapezamo buluzi atagona ngati walipira lendi. Sitima ndiye inali pamoto: malesa odzaza ana, njuchi zikuwira, ziwiri zitamubaya kale kudzera pasokosi. "Ndakuonani, ndakuonani," anatero akuseka. "Moni wanu ndi yemweyu chaka ndi chaka."

Mng'oma wa Ababa anausiya kuti ukhale womaliza, monga munthu amasungira nthuli ya nyama kumapeto kwa chakudya. Unali pamalo pabwino kuposa yonse, pansi pa mtengo waukulu wa mango, kumunsi kwenikweni, pamthunzi wosalowa dzuwa. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka timamuyalira mkeka pamthunzi, ndiye Lukiya akanaika bwanji bambo ake padzuwa?

Ataunyamula, unapepuka ngati dengu lopanda kanthu. Pakhomo panali tinjuchi towerengeka, tikuyenda mwaulesi. Anagogoda, nagunditsa khutu. Mng'oma unalira, n'kulirabe, kulira kwapansipansi kosafuna kutonthola. Atatsegula anapeza matabwa a m'kati ali chinyezi chokhachokha, malesa a m'mbali atachita chuku, njuchi zongodzaza manja awiri zitaunjikana pakati. Anayang'ana lesa ndi lesa, mbali zonse. Munalibe dzira ngakhale limodzi, ndipo make munalibe.

Anakhala pansi pomwepo, utsi ukuthera m'chitini. Wolakwa sanali patali. Mthunzi umene unkasangalatsa mu Okutobala ndi womwewo unatsekereza dzuwa la m'mawa miyezi yonse yachisanu, chinyezi cha kudambo chikukwera, mwera ukulowa pakhomo. Ulemu wake ndiwo unapha make njuchi. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti ukwati wa Husna unali utakonzedwa kuti udzachitike mu Novembala, mvula isanalimbike, ndipo Che Akimu anali atanena kale kuti adzabwera pa sitima. Umenewu unali ulendo wawo woyamba kubwerera kumudzi chichokereni. "Mpunga ndikhoza kudya ku Balaka konkuno," anali atatero pafoni. "Ine ndikubwera kudzamva mng'oma wanga."

Madzulo Che Sadiki anamupeza atakhala pakhonde, chipewa cha neti chili pamwendo, osaseka. Atamva nkhani yonse anakanda mutu.

"Make Husna, vuto lili pati? Zikafa, mukolemo zina. Njuchi ndi njuchi. Ababa saona."

"Maso ndiwo anafa, bambo a Husna. Makutu ali moyo. Inu mungadye mlamba mumdima n'kumati ndi makumba?"

"Iyayi."

"Ndiye basi."

Njira inalipo, ndipo Lukiya ankaidziwa. Njuchi zamasiye ukazipatsa lesa la mazira ongoikiridwa kumene kuchokera mu mng'oma wina, zimasankhapo limodzi n'kulilera mwapadera mpaka litasanduka make watsopano. Mazira abwino anali mu Sitima. Koma apa ndiye panagona nkhani. Make watsopanoyo adzakhala mwana wa Sitima. Njuchi zakale za Ababa zidzatha ndi ukalamba miyezi isanapite patali, ndipo zobadwa zonse zidzakhala za mtundu wa zolowa popanda chiphaso zija. Matabwa adzakhala a Ababa, magazi a eni ake. Koma akapanda kutero, mng'oma udzangoti zii. Anasinkhasinkha mpaka tiyi anazizira m'kapu, kenaka anati bola mudzi wa alendo kusiyana ndi bwinja.

M'mawa mwake dzuwa litafunda anatsegula Sitima, nati "Bisimila," n'kutulutsa malesa awiri, lina la mazira, lina la ana otsekeredwa kale, otsala pang'ono kutuluka. Anasesa njuchi za Sitima ndi nthenga ya nkhuku, pakuti zazikulu zikalowa kwa eni zimayambitsa nkhondo. Malesawo anawafunditsa chitenje kuti asazizidwe, n'kuthamanga nawo ngati wanyamula khanda. Atawaika pakati pa njuchi zamasiye zija, anadula katoni n'kutseka mbali ya mng'oma yopanda kanthu, kuti nyumba ichepe, ifunde msanga. Khomo analimata dothi, n'kusiya kampata kokwana chala. M'kati chakumapeto anaikamo kambale ka madzi a shuga, atamwazamo timitengo kuti njuchi zisamire. Chapafupi anaika lichero la ufa wa chinangwa woti ulowe m'malo mwa mungu, ndipo dzuwa lisanapendeke njuchi zinali zikubwerera kwawo zili mbuu ngati amayi ochokera kuchigayo.

Shuga ameneyu anali wa tiyi wa Che Sadiki. Poyamba bambowa anamwa tiyi wosatsekemera osadandaula. Mawa lake anatsokomola. Atalephera kupirira anafunsa ngati m'nyumbamo munalowa matenda a shuga iwo osauzidwa.

"Kuli odwala," anayankha Lukiya. "Akachira mudzamva."

"Odwala ake amwe shuga wanga, ine ndimwe madzi otentha. Chabwino. China n'chiyani?"

Funso limenelo anafunsa molakwitsa. China chinali mpanda wa udzu wotchinga mwera, komanso nthambi za mango za mbali ya kum'mawa, zimene zinayenera kudulidwa kuti dzuwa lizifika pa mng'oma. Zonse Che Sadiki anachita m'mamawa njuchi zisanadzuke. Anakwera mumtengo ndi chikwanje atadzikulunga mutu wonse ndi chitenje cha akazi awo, maso okha ali pamtunda. Nthambi zinagwa bwinobwino. Atatsika n'kuona kuti apulumuka, anavundukula nkhope kuti adzitame, ndipo njuchi imodzi ya ku Sitima, imene inalawirira ntchito, inawapsompsona pamlomo wam'mwamba. Tsikulo linali Lachisanu. Anapita kumzikiti mlomo uli ngati mbatata, ndipo anzawo a kunyanja nkhaniyo anaisunga mpaka lero.

Masana ake foni inalira.

"Nanga anzanga aja?"

"Alipo, Ababa."

"Alipo basi?"

"Chisanu chinali chambiri chaka chino."

"Kuno nakonso," anatero mkuluyo, n'kuyamba kufunsa za mbuzi ya ukwati. Lukiya sananame, koma zimene anabisa zinamuvutitsa sabata yonse.

Atadzatsegulanso mng'oma wa Ababa patapita masiku, anapeza chimene ankachipempherera. M'mphepete mwa lesa la mazira lija munalendewera kanyumba ka phula kooneka ngati khoko la mtedza, njuchi zakale za Ababa zitakazungulira, zikukafunditsa. Zinali zitamulandira mlendo. Anatseka msanga. Kuyambira pamenepo ntchito inali yovuta kuposa zonse kwa munthu wa phuma ngati iye, ndiyo yosatsegula, kupatula kutukula kathabwa ka kumapeto pothira madzi a shuga. Make anayenera kubadwa, auluke kukakumana ndi zazimuna mumlengalenga, abwerere osadyedwa ndi mbalame, ayambe kuikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Lukiya kudekha sanabadwe nako. Ankapita m'mawa uliwonse n'kukakhala pachitsa, manja atawapanira m'khwapa kuti asachite zawo.

Mitengo ya mombo inaphuka masamba ofiira, tchire lonse linayamba kununkhira. Tsiku lina chakumapeto kwa Seputembala anaona njuchi ikutera pakhomo miyendo yakumbuyo itanyamula timibulu tachikasu. Inabwera ina, kenaka ina, mpaka anasiya kuwerenga. Njuchi sizituta mungu chotero ngati m'nyumba mulibe ana oti ziwadyetse. Anagogoda, nagunditsa khutu. Vuu, kenaka chete.

Nthungululu imene anaimba inamveka mpaka kumudzi. Che Sadiki anatulukira akuthamanga, naima patali pamene anaona kuti m'pabwino, n'kufuula kuti, "Zakulumani zingati?"

"Odwala achira! Kaguleni shuga, bambo a Husna, mumwe mpaka mano awawe!"

Anavina pomwepo ndi ovolosi yake. Husna, amene ankachokera kumjigo, anatula chidebe n'kuyamba kuvina ndi mayi ake asanadziwe n'komwe chimene akuvinira.

Mu Okutobala mng'oma unadzaza. Lukiya anachotsa katoni ija, anatsegula khomo, ndipo malesa atsopano oyera anayamba kutsika. Koma khalidwe linali litasintha. Njuchi za Ababa zinali zofatsa, zoti munthu n'kudutsa pafupi atasenza mtolo wa nkhuni. Izi zinkakulonjera udakali panjira. Liwu lake nalonso linali lokwera, lachangu. Lukiya ankakondwa ndithu, koma akakumbukira khutu la bambo ake, chimwemwecho chinkakhala ngati mpunga wa mchenga.

Che Akimu anafika pa sitima yochokera ku Balaka, Abdulrahim atawagwira dzanja, atavala mkanjo woyera umene mwana wawoyo anawasokera. Ukwati unayenda bwino. Shehe anamanga banja, amayi anaimba mpaka mawu kusasa, mpunga unakwanira, ndipo Che Sadiki analankhula mawu ochuluka kuposa amene anapemphedwa. Mkuluyo anadalitsa Husna, anadya, anaseka ndi anzawo akale. Za njuchi sanatchule, moti Lukiya anayamba kudzinamiza kuti mwina aiwala.

Kutacha, amayi akutsuka miphika ya dzulo, Lukiya anamva ndodo ikugogoda pakhonde.

"Ajimwiche uli, Ababa?"

"Ndadzuka. Tiye."

Lukiya anawaveka chipewa cha neti, iwo akudandaula kuti njuchi zawo sizinawalumepo popanda chifukwa, n'kuwatsogolera pang'onopang'ono kudutsa m'mizere ya m'munda. Atafika pansi pa mango mkuluyo anaima, natukula nkhope.

"Pano sipankalowa dzuwa. Nthambi wadula?"

"Anadula bambo a Husna."

"Che Sadiki? Mumtengo wa njuchi?" Anaseka mpaka anatsamira ndodo. "Ndiye kuti zinafika povuta."

Anapapasa mpaka anapeza thabwa la kumbuyo kwa mng'oma. Anaunyamula pang'ono, nagwedeza mutu povomereza kulemera kwake. Anagogoda kamodzi, n'kugunditsa khutu. Vuu, kenaka chete. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso osaonawo atatsinzina. Lukiya anaima pambali, manja ali m'khwapa.

"Muli mayi, ndipo ndi mtsikana," anatero mkuluyo. "Ana akhuta. Koma liwu ili ndi lachilendo. Zanga zinkalankhula pansipansi ngati amako. Izi zikulankhula ngati zili pamsika wa Nsanama."

Lukiya anagwada. Anafotokoza zonse osasiyako: mthunzi, chinyezi, kulira kuja, lesa la ku Sitima, kanyumba ka phula. "Zanu zija zinatha, Ababa. Munandisiyira kuti ndisunge, ine ndinaziphetsa ndi ulemu. Izi ndi za mng'oma wina. Mundikhululukire."

Che Akimu sanachotse dzanja pathabwa.

"Dzira linachokera ku Sitima. Ndamva. Analifunditsa ndani?"

"Zanu."

"Kamwanako anakadyetsa ndani?"

"Zanu, Ababa."

"Ndiye ukuti ndi za yani?" Mkuluyo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a mwana wake. "Iwe ndinakupeza uli kumsana kwa amako, ukukanda aliyense wofuna kukunyamula. Unandimvapo ngakhale tsiku limodzi ndikufunsa kuti unachokera mng'oma uti?"

Zaka zonsezi bambo ndi mwana anali asanaitchulepo nkhani imeneyo. Lukiya analira, kulira kwa chimwemwe kumene kumabwera pamodzi ndi kuseka, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Anafuna kunena kanthu, koma mkuluyo anatukula chala, khutu litabwerera kale pa mng'oma.

"Takhala chete, Abiti Akimu. Adzukulu anga akulankhula."